Musanavomere Mlandu wa Pamsewu

 Ndikudziwa kuti ambiri mwasiya galimoto pa siteji ndipo tageti ya lero ikukudikirani, choncho sindizungulira.

Za kapewedwe ka ngozi mumazimva kawirikawiri, pa wailesi komanso kwa apolisi apamsewu. Ine ndiyambira pomwe iwo amalekezera: galasi lasweka kale, anthu aunjikana, wina wanena kuti tiyeni ku polisi. Kuyambira pamenepo luso lanu la pachiwongolero lilibenso ntchito. Zomwe zidzakuchitikireni zidzatengera zimene muyankhule, zimene musainire, ndi zimene muvomere m'masiku awiri kapena atatu otsatirawo.

Madalaivala ambiri mlandu wa pamsewu sautenga ngati mlandu weniweni. Amati, "Ine sindinabe, sindinamenye munthu, inali ngozi chabe." Koma lamulo la Road Traffic Act la 1997 likanena kuti wochita chakutichakuti wapalamula, limatanthauza kupalamula komwe kumamufikitsa munthu pamaso pa majisitireti. Bwalo lake ndi lomwelo loweruza wakuba mbuzi, woimira boma ndi wapolisi yemweyo, ndipo buku lolembamo opezeka olakwa ndi limodzi. Zoonadi, pali timilandu ting'onoting'ono tothera pa rodibuloko: lamba wosamanga, nyali yakufa, kunyamula anthu opitirira muyeso. Pamenepo mumalipira chindapusa nkumapita. Langizo langa ndi lalifupi. Lipirani cha boma, landirani lisiti la boma, lisungeni. Ija mumaitcha ya fanta ija imaoneka yotchipa, komatu pa lamulo la Corrupt Practices Act wopereka chiphuphu ndi wolandira onse ndi opalamula, ndipo chilango chake chikhoza kufika zaka 12. Munthu amene akadangolipira chindapusa cha tayala lakutha amasanduka wamlandu wa katangale, womwe ndi mlandu wa kusakhulupirika, ndipo umenewo umatseka makomo ambiri kuposa mlandu wina uliwonse wa pamsewu.

Tsopano tibwere pa milandu ikuluikulu. Gawo 126 la lamulo lomwe lija limakamba za kuyendetsa galimoto mosasamala ndi kuyendetsa mosalabadira moyo wa ena. M'makutu mwa ambiri ziwirizi ndi chinthu chimodzi, koma kukhoti zimasiyana kwambiri. Wosasamala ndi amene walephera kuchita zomwe dalaivala wabwino akadachita pamalo omwewo, monga kuyang'ana pagalasi asanakhote. Wosalabadira ndi amene ngoziyo amaiona ndithu kapena inali poyera kwa aliyense, iye nkupitirirabe, monga kupitirira mnzake pakona yosaoneka kutsogolo atanyamula anthu 16. Pakafa munthu, mlandu umakwera, ndipo ngati kuyendetsako kunali koipitsitsa boma likhoza kusiya lamulo la pamsewu nkumuzenga munthu mlandu wa kupha mosakonzekera pansi pa Penal Code, womwe chilango chake chachikulu ndi ndende moyo wonse. Ngozi imodzi yomweyo ikhoza kutchedwa maina atatu, ndipo pakati pa dzina loyamba ndi lomaliza pali zaka zambiri za moyo wa munthu.

Ndikupatseni nkhani yochitikadi ya ku South Africa, chifukwa inakhudza dalaivala wa minibasi ngati ambiri a inu. Pa 25 Ogasiti 2010, ku Blackheath kufupi ndi Cape Town, Jacob Humphreys ananyamula ana asukulu 14. Atafika podutsa njanji anapeza magalimoto ataima pamzere, zitsulo zotchinga zitatsitsidwa, sitima ikubwera. Iye anapitirira mzere wonsewo kumbali yosayenera, nazemba zitsulozo, nalowa panjanji. Sitima inaomba minibasiyo. Ana 10 anafa, anayi anavulala kwambiri, iye anapulumuka. Khoti lalikulu la m'chigawocho linamupeza wolakwa pa milandu 10 ya kupha mwadala nkumulamula kukakhala kundende zaka 20. Maloya ake anachita apilo. Sanatsutse kuti iye ndiye amayendetsa, kapena kuti kuyendetsako kunali koipa. Mwa zina, anatsutsa dzina la mlanduwo. Mu 2013 khoti la apilo linagwirizana nawo pa mfundo imeneyi: munthuyu ankadziwa kuti sitima ikhoza kumugunda, koma mumtima mwake ankakhulupirira kuti adutsa, pajatu nayenso anali m'galimoto momwemo ndipo sankafuna kufa. Kumeneko ndi kusasamala koopsa, osati kupha mwadala. Mlandu unasinthidwa, chilango chinatsika kufika zaka 8.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu, makamaka makolo, mumtima mukuti zaka 8 zachepa pa miyoyo ya ana 10. Sindikutsutsani, ndipo makolo a anawo anamva kuwawa kwambiri ndi chigamulocho. Koma onani ntchito yomwe loya woimira woimbidwa mlandu anagwira. Sanamuyeretse munthuyo. Anaonetsetsa kuti walangidwa pa chimene anachitadi. Malamulo a ku South Africa ndi athu si amodzi, koma funso lomwe majisitireti wa ku Nkhotakota kapena ku Mulanje ayenera kuyankha ndi lofanana: kuyendetsaku kunaipa kufika pati, ndipo dalaivala ankadziwa chiyani panthawiyo? Funso limeneli likapanda kufunsidwa, munthu amasenza dzina la mlandu lomwe wapolisi analemba usiku atatopa.

Tiyeni tibwerere kumbuyo, pamalo a ngozi. Lamulo limafuna kuti muime, muone ngati pali wovulala, muthandize momwe mungathere, mupereke dzina lanu, ndi kukadziwitsa apolisi mwamsanga. Ndikudziwa chomwe chimathawitsa madalaivala. Pa msika wa m'mbali mwa msewu wa M1 anthu akakwiya satenga nthawi kutola miyala, ndipo ena galimoto amaitentha. Ngati moyo wanu uli pachiswe, chokanipo, koma mulunjike ku polisi yoyandikira, osati kunyumba, osati kwa bwana, osati ku garaji kukawongola bampala. Wofika yekha ku polisi patangopita mphindi zochepa ali ndi chonena pamaso pa khoti. Wogwidwa mawa lake galimoto itapakidwa kale penti wawonjezera mlandu wachiwiri, ndipo chilichonse anganene pambuyo pake chimamveka ngati bodza. Chinanso, musamwe kanthu koledzeretsa kuti mtima ukhale pansi musanaonane ndi apolisi. Mukatero mwadzipangira nokha umboni wokutsutsani.

Ku polisi, malamulo oyendetsera dziko lino a 1994 ali nanu limodzi, pa gawo 42. Muyenera kuuzidwa chifukwa chomwe mwamangidwira, m'chiyankhulo chomwe mumamva. Muli ndi ufulu wokhala chete, ndipo palibe angakukakamizeni kuvomera. Muli ndi ufulu woonana ndi loya. Muyenera kutengeredwa kukhoti pasanathe maola 48, kapena tsiku loyamba lomwe khoti likugwira ntchito ngati maolawo athera pa Loweruka, Lamulungu kapena tchuthi. Muli ndi ufulu wopempha belo, ndipo amene akukana ndiye ayenera kupereka chifukwa. Belo ya ku polisi ndi yaulere. Pa zonsezi chomwe ndimachiopa kwambiri ndi sitetimenti. Wapolisi amalemba m'Chingerezi zomwe inu mwanena m'Chichewa, mutu uli wozunguzika, mwina magazi a munthu akadali pamalaya. Inu mwati, "Ndinangoona mwana ali kale pamsewu." Papepala palembedwa zoti simunali kuyang'ana kutsogolo. Mukasaina, mawuwo ndi anu. Pemphani kuti akuwerengereni mzere ndi mzere m'chiyankhulo chanu, ndipo pomwe palakwika pakonzedwe musanagwire cholembera. Ngati simuli bwino m'maganizo, nenani mwaulemu kuti muyankhula mukaonana ndi wokuthandizani pa malamulo. Kutero si mwano.

Tsopano ndifike pomwe ndabwerera. Pitani ku khoti la majisitireti lililonse Lolemba m'mawa mukaone. Alowetsa munthu amene wagona m'chitokosi kuyambira Lachisanu, wopanda lamba, wagwira buluku ndi dzanja limodzi, maso ali kwa mkazi wake amene wakhala pa benchi yakumbuyo ndi mwana kumsana. M'chitokosimo anzake amulangiza kale kuti, "Ungovomera, akulipiritsa chindapusa, madzulo ukagona kwanu. Ukakana akutumiza kundende ya Maula ukadikire miyezi." Mwina ndi bwana wake watumiza uthenga womwewo, poti akufuna galimoto ituluke ku polisi ibwerere pamsewu. Womasulira amawerenga mlandu mofulumira, nkufunsa ngati akuvomera kapena akukana. Munthuyo amavomera. Woimira boma amawerenga momwe zinachitikira, munthuyo amati ndi zoona ngakhale theka lake sanalimve. Zonsezi sizitenga mphindi 15, ndipo amene analowa ngati woganiziridwa watuluka ali wopezeka wolakwa.

Sindikunena kuti aliyense azikana mlandu. Ngati munalakwadi, ndipo mlandu womwe waikidwa ndi woyenera, kuvomera msanga ndi nzeru. Makhoti athu amachepetsa chilango kwa wovomera chifukwa sanatayitse nthawi ndipo waonetsa kulapa, komanso banja loferedwa silikakamizika kubwera kudzafotokozanso za imfa ya mwana wawo. Chomwe ndikukana ndi kuvomera chifukwa cha nsikidzi za m'chitokosi. Lamulo la kazengedwe ka milandu, Criminal Procedure and Evidence Code, pa gawo 251 limati khoti lisalembe kuti munthu wavomera lisanatsimikize kuti akumvetsa mlanduwo, akudziwa zotsatira za kuvomerako, ndipo akuvomera popanda kuikapo "koma". Choncho ngati mumtima mwanu muli mawu oti, "Ndinamugundadi, koma anatulukira mwadzidzidzi kuseri kwa basi yoima," muwanene mokweza. Majisitireti akamva zimenezo ayenera kulemba kuti mwakana, boma libweretse mboni. Ndipo dziwani ichi: wovomera mlandu saloledwa kuchita apilo yotsutsa kupezeka wolakwako, kupatula pa kukula kwa chilango kapena ngati chilangocho nchosemphana ndi lamulo. Khomo limenelo mumadzitsekera nokha.

Mukakana, udindo wonse wotsimikiza mlandu uli pa boma, ndipo liyenera kutero mosasiya chikaiko chomveka. Inu simukakamizidwa kuonetsa kuti ndinu wosalakwa. Milandu ya pamsewu imayendera umboni wa zinthu zooneka, ndipo zinthuzo sizikondera. Chojambula cha wapolisi chimaonetsa pomwe magalasi anagwera, ndipo pamenepo kawirikawiri mpomwe magalimoto anakumanira: kodi ndi mbali yanu ya msewu kapena ya mnzanu? Mikwingwirima ya matayala pa tala imanena za liwiro. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imadutsa mamita 22 pa sekondi imodzi, phazi lisanafike nkomwe pa buleki, ndipo liwiro likawirikiza kawiri mtunda woimira umawirikiza kanayi. Ngati munali pa 50 monga mukunenera, mikwingwirimayo idzakuikirani umboni. Ngati munali pa 100 pakati pa msika, idzakutsutsani ngakhale kondakitala wanu alumbire kangati. Nchifukwa chake ndimati, ngati nkotheka ndipo palibe chiopsezo, jambulani malowo pa foni galimoto zisanasunthidwe, ndipo tengani manambala a anthu awiri kapena atatu omwe anaona. Mawa lake mvula yagwa, mikwingwirima yafufutika, okwera onse abalalika.

Chodzitetezera chomwe ndimachimva kawirikawiri ndi choti mabuleki anaduka. Samalani nacho. Ngati anaduka mwadzidzidzi pa galimoto yosamalidwa bwino, yokhala ndi chiphaso chenicheni cha COF, chikhoza kukuthandizani. Koma woyeza magalimoto akapeza kuti paipi ya mafuta a mabuleki inamangidwa ndi mphira, ndipo kondakitala nkuulula kuti mwakhala mukupopa buleki katatu sabata yonse musanaime, mawu omwewo akumizani, chifukwa aonetsa kuti munkadziwa nkunyamulabe anthu kutsika nawo Chiweta kapena Thabwa. Eni magalimoto amene muli muno, imvani bwino: dalaivala akakuuzani za vuto inu nkumuyankha kuti ayende kaye tikonza Loweruka, wokalowa m'chitokosi ndi iye, koma mlandu wa chipukutamisozi udzafika pakhomo panu. Madalaivala, vuto lotere muzilinena pa uthenga wolemba pa foni, kuti pakhale chosonyeza kuti munanena.

Za mowa sinditalikitsa. Malire a kuno kwathu ndi magalamu 0.08 pa mamililita 100 a magazi. Ku South Africa ndi 0.05, ndipo kwa woyendetsa galimoto ngati ntchito ndi 0.02, zomwe botolo limodzi likhoza kupitirira. Inu a mathiraki odutsa pa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, lamulo lokugwirani ndi la dziko lomwe matayala aponda. Ndipo mowa wa usiku suchoka m'magazi chifukwa choti mwasamba ndi kumwa tiyi wa mkaka. Chiwindi chimauchotsa pang'onopang'ono, kotero woleka kumwa 2 koloko usiku nkunyamuka 5 koloko m'mawa akhoza kupezeka nawobe pa makina opumira aja.

Mukapezeka wolakwa, nkhani sinathe. Khoti limakupatsani mpata wodandaula lisanapereke chilango, ndipo ambiri mpatawu amauwononga ndi mawu amodzi omwe majisitireti amawamva tsiku lililonse, oti ndili ndi ana ndipo ndimasamala amasiye. Nenani zogwirika. Mwayendetsa zaka zingati popanda mlandu? Munamutengera nokha wovulala kuchipatala? Munathandiza pa maliro, munapita kukapepesa kudzera kwa ankhoswe kapena amfumu? Bweretsani munthu kapena pepala lotsimikiza. Gawo 340 la lamulo la kazengedwe ka milandu limati munthu wopalamula koyamba asatumizidwe kundende pokhapokha khoti litaona kuti palibe njira ina yoyenera, ndipo lilembe zifukwa zake. Njira zina zilipo: chindapusa, chilango choimikidwa, kapena kugwira ntchito yothandiza anthu m'dera. Koma kupepesa kwa pachikhalidwe sikufafaniza mlandu wa boma. Banja likhoza kukhululuka ndi mtima wonse, boma nkupitiriza. Paja akuluakulu anati mlandu suola.

Loya ndi wodula, ndikudziwa. Koma alipo a Legal Aid Bureau, omwe anakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011 kuti aziimira osowa, ndipo ali ndi maofesi ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu, Zomba ndi m'maboma ena. Aliponso alangizi a zamalamulo a bungwe la PASI, omwe akhala akuyendera ndende ndi mapolisi kuyambira 2000. Iwo sakuimirani pamaso pa majisitireti, koma akhoza kukufotokozerani mlandu wanu ndi kapemphedwe ka belo. Ndipo mabungwe anu, omwe mumasonkha ndalama za maliro mosalephera, angathe kusonkhanso kathumba koti membala akamangidwa aonane ndi loya ngakhale kwa ola limodzi asanayankhe mlandu. Ola limenelo ndi lotchipa kuposa apilo, yomwenso ili ndi masiku owerengeka oti muiyambe.

Nanga chimatsatira nchiyani chindapusa chikalipidwa kapena ndende ikatha? Choyamba ndi laisensi. Khoti lili ndi mphamvu yoiimitsa kapena kuilanda, ndipo kwa inu laisensi ndi khasu: mphunzitsi akalandidwa amakwera minibasi nkukaphunzitsa, inu mukalandidwa ntchito yathera pomwepo. Mukagwidwa mukuyendetsa nthawi yoletsedwayo isanathe, ndi mlandu wina, ndipo ulendo uno simulinso wopalamula koyamba, gawo 340 lija silikutetezaninso.

Kenako pamabwera mlandu wachiwiri, wa chipukutamisozi, womwe ambiri sauyembekezera. Chindapusa kawirikawiri chimapita ku boma, osati kwa wovulala. Iye kapena banja la womwalira akhoza kusumira dalaivala, mwini galimoto ndi kampani ya inshuwalansi, nthawi zina patapita chaka kapena ziwiri, inu mutaiwala. Inshuwalansi ili ndi malire a ndalama zomwe ingalipire, ndipo zotsalazo zimagwera inu ndi bwana wanu. Ngati galimoto inalibe inshuwalansi, mtolo wonse ndi wa inu ndi bwana wanu. Pa mlandu umenewo loya wa wodandaula amabwera ndi lipoti la apolisi, ndipo ngati munavomera kale kukhoti kuti munayendetsa mosalabadira, adzakufunsani pamaso pa woweruza chifukwa chomwe lero mukunenera zina.

Chomaliza chimabwera mochedwa kwambiri. Tsiku lina mwapeza mwayi woyendetsa galimoto ya bungwe lalikulu, ya ofesi ya kazembe, kapena ya kampani yonyamula mafuta kuchokera ku Beira ndi Dar es Salaam. Akufunsani kalata ya ku polisi yosonyeza mbiri yanu, ija amadinda zala nkukafufuza ku likulu la apolisi ku Area 30. Mlandu womwe munauvomera m'mphindi 15 zaka zapitazo ukhoza kutulukira pamenepo. Anzathu okhala ku Johannesburg ndi Durban akumana nazo m'njira ina: kumeneko munthu womangidwa akhoza kupatsidwa mwayi wolipira chindapusa chovomera kulakwa ku polisi komweko osakafika kukhoti, ndipo ambiri amalipira mokondwa osadziwa kuti pa milandu ina kulipirako kumalembedwa ngati kupezeka wolakwa. Kuti dzina lifufutidwe m'kaundula wa kumeneko, lamulo lawo kawirikawiri limafuna kuti papite zaka 10 munthu asanapemphe. Ndipo amene mukulingalira zopita ku Britain kukagwira ntchito kapena kukaona ana, fomu yopemphera viza imafunsa mwachindunji ngati munapezekapo wolakwa m'dziko lililonse, ndipo imatchula ndi zilango za pamsewu zomwe. Mlandu waung'ono wa pamsewu pawokha nthawi zambiri sumanitsa viza, koma kuubisa nkudzapezeka kumamanitsa, ndipo munthu akhoza kuletsedwa kupemphanso kwa zaka zofika 10.

Wapampando, nthawi yomwe munandipatsa yatha. Amene ali ndi mlandu womwe uli kale kukhoti asaufotokoze pagulu pano, tionane pambali tikamaliza. Mafunso ena onse ndiyankha tsopano.